Kasakaniza

Mawuwa amachokera ku mneni woti kusakaniza, ndipo amanena za zinthu zamitundumitundu zimene zili pamodzi. Chingerezi chili ndi mawu ngati hotchpotch ndi mishmash, koma amenewo kawirikawiri amanyoza zinthu zongounjikidwa popanda dongosolo, zimene ife tingati chipwirikiti. Kasakaniza alibe mnyozo wotero.

Mlimi wa kwa Kaomba ku Kasungu akabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, alangizi amati ndi ulimi wa kasakaniza, ndipo amamuyamikira, pakuti nyemba zimabwezera chonde m'nthaka yotopa ndi fodya. Pa fodya pokha ndiye ayi. Belo la masamba a magiredi osiyana likafika kumsika wa Chinkhoma, ogula amalikana kapena kuligula motchipa, thukuta la chaka chonse n'kupita pachabe.