Mmene Zinathekera Kusintha Fani ya Seva Osaizimitsa

Fani ndi chimodzi mwa zipangizo zochepa zimene zimazungulirabe m'kati mwa seva ya masiku ano, ndipo chilichonse chozungulira usana ndi usiku chimatha. Mabering'i amaperepeseka, fumbi limaundana pamapiko, kenako tsiku lina kanyale kochenjeza kamayaka. Katswiri amasolola seva pashelefu yake, kutsegula chivindikiro, kuzula fani yakufayo ndi kulowetsa ina, makinawo akupitirizabe kutumikira banki kapena chipatala. Njirayi imatchedwa hot swap, ndipo ambiri amaiona ngati umboni wa dzanja lachangu la katswiriyo. Ine ndikuona kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi inagwiridwa kale ndi amene anakonza makinawo. Panatenga zaka pafupifupi 50 kuti aphunzire zinthu zitatu: kuika chipangizo chapadera chodikirira, kupatsa makina njira yonenera pamene pavuta, ndi kukonza m'kati mwake moganizira munthu wotopa amene adzalowetsamo dzanja.

Makompyuta oyamba analibe mwayi umenewu. ENIAC, imene inaonetsedwa poyera pa yunivesite ya Pennsylvania mu 1946, inali ndi machubu agalasi oposa 17,000 ndipo inkadya magetsi okwana makilowati 150, omwe pafupifupi onse ankasanduka kutentha kofunika kutulutsidwa ndi mafani akuluakulu. Chubu chimodzi chikapsa, kuwerengera kunkasokonekera mpaka amisiri atachipeza. Iwo anazindikira kuti machubu ambiri ankapsa pa nthawi yoyatsa ndi yozimitsa, choncho anayamba kusiya makinawo ali chiyakire. Phunziro limenelo silinakalambe: kuzimitsa makina nakonso kuli ndi ngozi yake. Komabe nthawi yaitali kwambiri imene ENIAC inayenda osadukiza inali maola 116 okha, mu 1954.

Maganizo oti makina akonzedwe ali pa ntchito anakhwimira ku makampani a telefoni. Makina olumikizira mafoni a No. 1 ESS, amene Bell System inayamba kugwiritsa ntchito ku Succasunna m'chigawo cha New Jersey mu 1965, anakonzedwa ndi cholinga choti asaime maola oposa awiri pa zaka 40. Zimenezi sizikanatheka podalira zipangizo zolimba zokha, choncho mbali zofunika anazipanga ziwiriziwiri, kuti ina ikafa inzake isenze katundu pamene mmisiri akusintha yowonongekayo. Kampani ya Tandem, imene Jimmy Treybig anaiyambitsa ku California mu 1974, inatengera nzeruyi ku makompyuta a zamalonda. Makina ake a NonStop, amene anayamba kugulitsidwa mu 1976, anali ndi mapurosesa angapo odziimira paokha ndi madisiki osunga zinthu zofanana, ndipo mabanki anawakonda chifukwa chipangizo chakufa chinkachotsedwa ntchito ikupitirira.

Ku Tandem komweko n'kumene kunachokera umboni wamphamvu wotsutsa njirayi, ndipo suyenera kunyalanyazidwa. Mu 1985 Jim Gray anafufuza zifukwa zimene makina a kampaniyo ankaimira kwa makasitomala. Anapeza kuti kuwonongeka kwa zipangizo kunkachititsa pafupifupi magawo 18 pa 100 alionse, pamene ntchito za anthu oyang'anira ndi okonza makinawo zinkachititsa magawo 42. Munthu angafunse moona mtima kuti, ngati dzanja la wokonza ndilo loopsa kuposa fani yakufa, n'kulilowetseranji m'makina amene akuyenda? Mmisiri atha kuzula fani yabwino m'malo mwa yowonongeka, kugwetsera kasikuluu pabolodi yamoto, kapena kukoka waya wa magetsi posolola seva. Koma kuzimitsa seva sikuchotsa munthuyo, kumangomuonjezera masitepe ena oti alakwitse, ndiponso makina amene ayenda zaka zambiri nthawi zina amakana kudzuka akazimitsidwa. Chimene opanga makina anachita ndi kuchepetsa zimene munthuyo ayenera kuganiza ndi kugwira, ndipo mbiri yotsatira yonse ikuonetsa zimenezo.

M'zaka za m'ma 1990 luso limene linali la makina odula linatsikira ku maseva wamba. Madisiki ndiwo anatsogola, potsatira njira yosunga zinthu pa madisiki angapo yotchedwa RAID, imene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz anafotokoza ku Berkeley mu 1988, kenako panabwera mabokosi a magetsi awiriawiri, ndipo mafani anatsatira. Kufunika kwa mafani ozulika kunakula pamene maseva anaphwatalala. Seva ya msinkhu wa 1U ndi yotalika mamilimita 44 okha, motero imakwana timafani ta mamilimita 40 timene timazungulira maulendo oposa 15,000 pa mphindi. M'kabokosi kothina chotero kutentha kumakwera m'kanthawi kochepa mpweya ukachepa, ndiye opanga anayamba kuika fani imodzi yoposa chiwerengero chofunikira. Mu 1998 Intel, Hewlett-Packard, NEC ndi Dell anatulutsa muyezo wa IPMI, umene unakhazikitsa kakompyuta kakang'ono kolondera seva mosadalira mapulogalamu ake. Kameneka kamawerenga liwiro la fani iliyonse kudzera pa waya wake wapadera, ndipo imodzi ikafooka kamathamangitsa zotsalazo, kulemba nambala ya yovutayo ndi kuyatsa nyale yochenjeza. Phokoso loboola m'khutu limene seva imachita fani ikafa ndi la mafani otsalawo amene akusenza gawo la mnzawo.

Mbali imene imandikhudza kwambiri ndi yooneka yaing'ono. Mafani anasiya kumangidwa ndi masikuluu ndi mawaya olendewera, n'kuikidwa m'tizikhatho totsetsereka timene timadzilumikiza tokha tikakankhidwa, ndipo sitilowa chozondoka. IBM ndi Dell anapaka mtundu wa olenji pa zogwirira za zipangizo zimene zingazulidwe makina akuyenda, ndi wa buluu pa zogwirira zinazo. Mabuku a malangizo a maseva ambiri a IBM amanena kuti fani yatsopano ilowe pasanathe masekondi 30, chifukwa mpata wotsala umabweza mpweya m'mbuyo m'malo mouwolotsa pa purosesa, monga mmene madzi a m'ngalande amathawira pamene pagumuka. N'chifukwa chake fani yakufa imasiyidwa pamalo pake mpaka yatsopano itafika m'manja, ndipo mmisiri amadikira kuti mapiko aime asanayandikize chala. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti si seva iliyonse imene inalandira cholowa chimenechi. Zotsika mtengo zambiri zikadali ndi mafani a mawaya, ndipo pa zimenezo njira yolondola ndi kuzimitsa basi.

Ena amadandaula kuti fani yapaderayo ndi kuwononga magetsi. Dandauloli linali lomveka pamene mafani ankazungulira pa liwiro limodzi nthawi zonse, koma kuyambira pamene liwiro linayamba kusinthidwa motsatira kutentha, nkhani inasintha. Fani ikachepetsa liwiro ndi theka imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a magetsi ake, choncho mphamvu yosungidwayo imalipiridwa makamaka pa maola ochepa a vuto. Chitsutso cholemera ndi china. Kuchokera mu 2003, pamene VMware inatulutsa VMotion, zakhala zotheka kusamutsa ntchito kuchoka pa seva ina kupita pa inzake osaidukiza, ndipo makampani okhala ndi maseva zikwizikwi amangolola seva yonse kufa. Microsoft inafika pomiza maseva 864 m'nyanja pafupi ndi zilumba za Orkney kuyambira 2018 mpaka 2020, kopanda munthu wowakhudza, ndipo inanena kuti anawonongeka mocheperapo kusiyana ndi anzawo a kumtunda. Izi zikutsimikizira zimene Gray anapeza. Koma mfundo yake ndi yomwe ija ya Succasunna, yangokwera kuchoka pa fani yapadera kufika pa seva yapadera, ndipo ndi ochepa amene angaikwanitse pa mlingo umenewo. Kwa sukulu, chipatala kapena kampani yokhala ndi maseva awiri kapena atatu, fani yozulika ndiyo njira yotsika mtengo yopezera chitetezo chomwecho.

Tsopano kutentha kwayamba kuposa zimene mpweya unganyamule. Shelefu imodzi ya makina a Nvidia GB200 NVL72, amene analengezedwa mu 2024, imadya pafupifupi makilowati 120 ndipo imaziziritsidwa ndi madzi, njira imene IBM inkagwiritsa ntchito kale pa makompyuta ake akuluakulu isanaisiye m'zaka za m'ma 1990. Kumeneko chipangizo chozungulira ndi pampu, choncho mapampu amaikidwa oposa ofunikira, ndipo mapaipi ali ndi zolumikizira zimene zimadzitseka zokha zikazulidwa, kuti mmisiri achotse gawo limodzi madzi osadontha pa magawo ena amene akugwirabe ntchito.