Kuwerengera ndalama za magetsi ndi gasi za pamwezi

Pa Nkhamenya, m'mbali mwa msewu wa M1 kumpoto kwa boma la Kasungu, ndalama zimayendera nyengo ya fodya. Msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa, mlimi, wagolosale ndi mwini nyumba za lendi onse amapuma, koma ndalama zomwezo ziyenera kusungidwa kuti zifike miyezi yovuta ya Januwale ndi Febuluwale. Banja lomwe silidziwa magetsi ndi gasi amene limagwiritsa ntchito pamwezi limangoona mita ikulira usiku m'thumba mulibe kanthu. Chikhalirecho masamu ake ndi apafupi: pangofunika kope, cholembera ndi masiku asanu ndi awiri.

Yunitsi n'chiyani?

Bungwe la ESCOM limagulitsa magetsi m'mayunitsi. Yunitsi imodzi, yomwe pamita imalembedwa kuti kWh, ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1 000 chimadya pa ola limodzi. Mita yolipiriratu imawerenga chobwerera: mukalowetsa manambala 20 omwe mwagula kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki, mayunitsi amawonjezeka, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono. Nambala imene imaoneka pamita, kapena pakachipangizo ka mabatani kokhala m'nyumba, ndi mayunitsi otsala.

Kuwerenga mita

Lembani nambala ya pamita Lolemba m'mawa, ndipo mudzalembenso Lolemba linalo pa ola lomwelo. Tiyerekeze kuti poyamba panali mayunitsi 62, pomaliza patsala 34. Ndiye kuti pasabata mwagwiritsa ntchito mayunitsi 28, kapena 4 patsiku. Mukachulukitsa ndi masiku 30, mupeza mayunitsi 120 pamwezi.

Ngati munagula mayunitsi ena mkati mwa sabatayo, awonkhetseni ndi oyamba aja musanachotsere. Mwachitsanzo, panali 12, mwagula 40, patsala 24: 12 kuphatikiza 40 ndi 52, kuchotsa 24, atsala 28 omwe aja.

Sabata imene magetsi anazimazima imanamiza, chifukwa mita imaoneka ngati yadya pang'ono. Sankhani sabata yomwe magetsi anayaka bwino. Bwerezaninso kuwerengaku mu Juni kapena Julayi, pamene kuzizira kumachititsa kuti madzi osamba azitenthetsedwa tsiku ndi tsiku, komanso ana akabwera kutchuthi.

Kuchoka pa mayunitsi kupita pa makwacha

Mtengo wa magetsi umavomerezedwa ndi bungwe la MERA, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la m'chaka cha 2004 loyang'anira za mphamvu. Kwa makasitomala a m'nyumba a mita yolipiriratu ya nthambo imodzi, mayunitsi 50 oyamba pamwezi amakhala otsika mtengo, ndipo opitirira apo amakwera. N'chifukwa chake ndalama yomweyo imagula mayunitsi ambiri kumayambiriro kwa mwezi kusiyana ndi ulendo wachiwiri. Sikuti wogulitsa wakuberani.

Mtengo weniweni, wophatikiza ndi msonkho, muupeza pa lisiti kapena pa uthenga wa pafoni: gawani ndalama zimene mwalipira ndi mayunitsi amene mwalandira. Chitani zimenezi pa kugula koyamba kwa mwezi, ngati simunapitirire mayunitsi 50, komanso pa kugula kwina mutapitirira kale 50. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera: ngati mtengo wotsika ndi K80 ndipo wokwera ndi K120, banja la mayunitsi 120 lilipira K4 000 pa 50 oyamba ndi K8 400 pa 70 otsalawo, zonse pamodzi K12 400.

Mitengo imasintha, makamaka kwacha ikagwa mphamvu monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Choncho chofunika kusunga pamtima ndi chiwerengero cha mayunitsi anu. Makwacha muziwerengera mwatsopano ndi lisiti yaposachedwa.

Chimene chikudya mayunitsi

Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake kunsi kapena kumbuyo, pambali pa chilembo cha W. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chimayaka, kenaka gawani ndi 1 000.

Babu la LED la mawati 9 loyaka maola asanu patsiku limadya mayunitsi 1.35 pamwezi wonse, pamene babu lakale la mawati 60 limadya 9. Simbi ya mawati 1 000 imatha kudya yunitsi imodzi pa ola. Hotipuleti ya mawati 1 500 yoyaka maola awiri patsiku imafika pa mayunitsi 90 pamwezi. Apa n'zoonekeratu kuti chomwe chimamaliza mayunitsi ndi zipangizo zotenthetsa. Kukalipira mwana chifukwa chotchaja foni, nyemba zosanyika zikubwata pahotipuleti maola atatu, n'kulakwira mwanayo.

Firiji imayaka n'kumazima yokha, ndiye mawati ake sauza zonse. Zimitsani zina zonse pogona, lembani mita, ndipo m'mawa muone zomwe yadya pa maolawo.

Masamuwa amathandizanso pa nyumba za lendi zomwe mabanja angapo amagawana mita imodzi. Kusonkha mofanana kumadyera masuku pamutu amene ali ndi mababu awiri ndi wailesi basi. Aliyense akalemba zipangizo zake ndi maola ake, gawo la banja lililonse limadziwika popanda kulozana zala.

Gasi: sikelo ndiyo mita

M'Malawi gasi wophikira safika m'nyumba kudzera m'mipope. Amagulidwa pa kilogalamu n'kuthiridwa m'silinda, ndipo MERA ndiyo imalengeza mtengo wake wosayenera kupitirira. Njira yapafupi ndi kulemba tsiku lodzadzitsa ndi tsiku limene gasi watha. Silinda ya makilogalamu 6 ikatha m'masiku 24, ndiye kuti mumapsereza magalamu 250 patsiku, kapena makilogalamu 7.5 pamwezi. Chulukitsani ndi mtengo wa kilogalamu, ndipo musaiwale kuwonjezera ndalama ya ulendo ngati mumakadzadzitsa ku Kasungu.

Pofuna kudziwa gasi wotsala, ikani silinda pasikelo. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumadindidwa pachogwirira kapena paphewa pake. Mukachotsa nambala imeneyo, chotsalacho ndi gasi. Njira yomweyi imatsimikizira ngati mwathiridwa makilogalamu amene mwalipira.

Poyerekeza ziwirizi, kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 13 a magetsi, ngakhale kuti kutentha kwina kumathawira m'mbali mwa poto. Gawani mtengo wa kilogalamu ndi 13, muuyerekeze ndi mtengo wokwera wa yunitsi, chifukwa banja lophikira magetsi silichedwa kupitirira mayunitsi 50.

Pomaliza, wonkhetsani za magetsi, za gasi ndi za makala ngati mumagulabe, n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo khumi la zadzidzidzi. Mukachulukitsa ndi miyezi 12, mudziwa ndalama yoyenera kupatula msika wa fodya usanatsekedwe.