Kulonjera Mfumu: Manja, Mawondo ndi Mawu

Pamene David Livingstone ndi anzake ankayenda m'dziko la Amang'anja m'chaka cha 1859, chinthu chimene chinkawachedwetsa m'midzi chidali malonje. Mlendo sankalunjika ku nyumba ya mfumu. Ankakhala pabwalo, patsinde pa mtengo, pamphasa imene amuyalira, nadikira. Mfumu ikafika ndi nduna zake, anthu onse ankawomba m'manja pamodzi, ndipo mawu amene ankamveka adali akuti "Ambuye athu" ndi "Moyo". Nkhani ya ulendo sinkapita kwa mfumu mwachindunji. Wotsogolera alendo ndiye ankayifotokoza kwa mfumu m'malo mwawo, ngakhale kuti mfumuyo idali itamva kale zonse.

Mwambo umenewu udali wa Amaravi onse, kuyambira kwa Kalonga ku Mankhamba, kwa Lundu m'chigwa cha Shire, mpaka kwa Undi amene adakakhazikika ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Tsinde lake lidali limodzi: wamng'ono sayimirira pamwamba pa wamkulu. Ankatsika pansi, kugwada kapena kukhala, kuti mutu wake usapose wa mfumu. Mafumu aang'ono nawonso ankachita chimodzimodzi popita kukalamba kwa Undi. Ankanyamula minyanga ya njovu ndi zikopa za mikango ndi akambuku, nakafotokoza za mtendere, matenda ndi zokolola za m'madera awo.

Angoni, amene adawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, adadza ndi malonje ena. Mchewa amalonjera ndi manja, Mngoni amalonjera ndi mfuwu wakuti "Bayethe!", liwu lochokera kwa Azulu, limene kwawoko lidali la mfumu yayikulu yokha. Mpaka lero liwuli limamveka kwa Gomani ku Ntcheu, kwa M'mbelwa ku Mzimba ndi kwa Mpezeni ku Chipata.

Chisokonezo chidadza ndi boma la atsamunda. Lamulo la mu 1912 ku Nyasaland lidayika mafumu pansi pa Bwana Disi, ndipo mfumu imene kale inkagwadiridwa idayamba kudikira pakhonde la ofesi, chipewa chili m'manja. Ku Northern Rhodesia, kumene Undi adasamukira m'zaka za m'ma 1930, mwambo wa Kulamba udaletsedwa mu 1934. Koma chimene chidasintha malonje koposa malamulowa chidali mpando. Mzungu amasonyeza ulemu poyimirira wamkulu akamalowa, ndipo sukulu za mishoni zidaphunzitsa ana kudzambatuka mphunzitsi akangowonekera pakhomo. Chimene kumudzi chidali chipongwe, kusukulu chidasanduka khalidwe labwino. Mibadwo itatu kapena inayi yakula ndi malamulo awiri otsutsanawa, ndipo palibe limene lidagonja. Ndicho chifukwa chake pamsonkhano wa masiku ano wotsogolera mwambo amapempha anthu kuti ayimirire mfumu ikamafika, koma anthu omwewo akayitanidwa kukawonekera pamaso pake amagwada. Kugwirana chanza kudalowanso momwemo. Munthu wodziwa mwambo sayamba ndiye kutambasulira dzanja mfumu yayikulu. Amawomba m'manja, ndipo mfumu ikapereka dzanja, iye amalandira atawerama, dzanja lamanzere litachirikiza mkono wamanja.

Kulamba kudayambanso mu 1984, pa nthawi ya Kalonga Gawa Undi X, ndipo kumachitika mwezi wa Ogasiti ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Kumeneko mafumu a Achewa ochokera ku Malaŵi, Mozambique ndi Zambia amafika motsatizana pamaso pa Kalonga, nagwada, nawomba m'manja, khamu likuvomereza kuti "Yoo Gawa!" Mu 2007 atsogoleri atatu a mayikowa, Bingu wa Mutharika, Armando Guebuza ndi Levy Mwanawasa, adakhala nawo pamwambowu. Apa mpamene pali mfundo yovuta. Ku Malaŵi lamulo la mafumu la mu 1967 lidapatsa Pulezidenti mphamvu yokweza ndi yochotsa mafumu. Komabe pabwalo la Mkaika Pulezidenti ndi mlendo, ndipo mwini bwalo ndi wina. Mlendo wotere sayembekezeredwa kugwada monga mfumu yodzalamba, koma sangalonjerenso monga achitira ndi nduna ya boma lake. Zimene zimachitika ndi za pakatikati: kuwerama, kuwomba m'manja ndi mphatso.

Thupi lapeza njira yake, koma lilime likadaphunthwa. Mayina atatu a mfumu ya Achewa ali ndi matanthawuzo: Kalonga ndi wolonga mafumu, Gawa ndi wogawa malo, Undi ndi woteteza anthu ake. Mafumu akuluakulu a Achewa amatchulidwa kuti Gogo Chalo. Angoni ali ndi Inkosi ya Makosi, Atumbuka Themba la Mathemba. Chikhalirecho olankhula ambiri pamisonkhano amathamangira liwu lakuti "Olemekezeka", limene limapatsidwanso phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi khansala. Kutero nkuyika mfumu pamzere umodzi ndi munthu amene udindo wake umatha pakapita zaka 5. Ena amangobwereka "His Majesty" kapena "His Royal Highness" pakati pa chiganizo cha Chichewa, ngati kuti chinenerochi chidasowa mawu a ufumu. Cholakwa chachikulu kuposa izi nkutchula mfumu ndi dzina lake lobadwa nalo. Munthu akalongedwa ufumu amalowa dzina la malume ake kapena la makolo ake, ndipo dzina lakale limatsalira m'ziphaso ndi m'makalata a boma.

Chimene chakhalitsa osasintha kwenikweni ndi mkhalapakati uja adamuwona Livingstone. Pamabwalo a mafumu akuluakulu mlendo amayambabe wawonana ndi nduna, nafotokoza chimene wadzera, ndipo mphatso yake imadzera m'manja mwa ndunayo. Nduna ya lero imagwira chimkuzamawu, ndipo nthawi zina imamasulira mawu a mfumu m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi kuti alendo a m'mayiko atatu aja amve.