Shusaku, katswili amene sanaluzepo ku nyumba ya shogun

Ku komboni, munthu akacedwa pa nsolo kapena pa dilafuti timamuti lofa. Koma ku Japan wakale, masewela a pa bolodi anali nchito yolipilidwa na boma. Tikamba za Go: anthu awili amaika timiyala, wina takuda wina toyela, pa bolodi la mizele 19 uku na 19 uku, aliyense kufuna kuzungulila malo aakulu.

Mu 1612, Tokugawa Ieyasu anayamba kupatsa akatswili a Go malipilo. M'kupita kwa nthawi panakhala nyumba zinayi zophunzitsa masewelawa: Hon'inbo, Inoue, Yasui na Hayashi. Mwana waluso anali kusiya makolo n'kukakulila m'nyumba ya mphunzitsi wake.

Shusaku anadutsa njila imeneyi. Anabadwila pa cisumbu ca Innoshima mu 1829, ndipo mu 1837 anapita ku Edo, Tokyo wa lelo, kukaloŵa nyumba ya Hon'inbo. Mu 1846, ali na zaka 17, anakumana na Gennan Inseki, mkulu wa nyumba ya Inoue. Nkhani imati Shusaku ataika mwala wa nambala 127, dokotala wina amene anali kupenyelela anaona makutu a Gennan afiila, n'kudziŵilatu kuti mkuluyo zamuvuta. Mnyamatayo anawinadi.

Mayeso aakulu anali masewela a caka na caka ku nyumba ya shogun, mtsogoleli wa asilikali amene anali kulamulila dziko. Kuluza kumeneko kunali kucititsa manyazi nyumba yako yonse. Kucokela mu 1849 mpaka 1861, Shusaku anasewela maulendo 19, osaluzapo.

Anasankhidwa kudzaloŵa m'malo mwa Shuwa, mkulu wa Hon'inbo, koma mpandowo sanaukhalepo. Mu 1862 kolela inabuka mu Edo. Shusaku anali kudwazika odwala a m'nyumbamo, nayenso anaitenga n'kumwalila ali na zaka 33. Ife amene taona kolela mu Lusaka tidziŵa mtima umene umafunika kuti munthu akhale pafupi na wodwala.

Mu 1868 ulamulilo wa shogun unagwa, malipilo aja anatha, ndipo nyumba zinayi zija zinasauka. Koma masewela a Shusaku analembedwa mwala na mwala, ndipo ophunzila Go akali kuwaŵelenga mpaka lelo. Nanga akatswili athu a nsolo, ndani akulemba zawo?