Mlendo ndi Mame? Mbiri ya Mabanja Osamutsidwa pa Minda ya Azungu

Akuluakulu akale adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu udali wolangiza mwininyumba kuti asanyinyirike naye mlendo, pakuti wadza lero, mawa wapita. Koma mwambiwu sudanene kuti munthu amaleka liti kukhala mlendo. Funso limenelo linkayankhidwa ndi mwambo. Munthu akalonjeredwa kwa mfumu, nalozeredwa pomanga ndi polima, nakolola zaka zingapo, makamaka akaika mwana kapena kholo lake m'manda a mudziwo, ulendo wake udatha. Wasanduka mwinimudzi mnzathu, ndipo kumuchotsa kunkafuna mlandu waukulu, monga ufiti kapena kukhetsa mwazi.

M'maboma a Blantyre, Chiradzulu, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, m'nthawi ya atsamunda, lamulo lidayankha funsoli mwanjira ina. Kwa zaka zoposa 60, mabanja ambiri adakhala pa malo amene adabadwirapo akuwerengedwa ngati alendi, anthu okhala pa chisomo cha mwinimunda.

Gwero la nkhaniyi lili m'zaka za m'ma 1880 ndi kuchiyambi kwa 1890, pamene azungu monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer ankapatsa mafumu nsalu, mikanda ndi mfuti, nkumati agula dziko. Mfumu ya Amang'anja kapena Ayao inkadziwa kubwereketsa malo; kugulitsa nthaka mpaka muyaya sichidali chinthu chimene mwambo udachidziwa, ndipo mfumuyo idalibe mphamvu yotero, popeza idali msungi chabe. Komabe kuyambira 1892 boma la Harry Johnston lidayamba kupereka zikalata zotsimikiza umwini wa malowo. M'zikalata zambiri mudali mawu oteteza eni dziko, onena kuti midzi ndi minda imene idalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma.

Mawu amenewa adali abwino pa pepala, koma adalembedwa ndi anthu osadziwa kakhalidwe ka mudzi. Makolo sankalima munda umodzi mpaka kalekale. Nthaka ikaguga ankausiya tsala nkukaswa mphanje kwina. Nawonso mudzi unkasuntha, pena chifukwa cha imfa zotsatizana, pena chifukwa nkhuni ndi madzi zatalikira, ndipo kumbuyo kunkatsala bwinja. Tsono eni minda adati chitetezo chija chidali cha malo enieniwo amene mudzi udali pa tsiku lolemba chikalata. Banja likangosendera kutsidya kwa kamtsinje, ngakhale pamtunda woti tambala akalira kubwinja amveka, lasanduka la alendi. Ndipo popeza palibe amene adalemba maina a anthu opezeka pamalopo poyamba, patapita zaka zochepa kudali kovuta kutsimikiza kuti mbadwa ndani, wobwera ndani.

Obwera adalipodi, ndipo adali ambiri. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe adayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala. Eni minda adawalandira ndi manja awiri chifukwa ankasowa antchito olima khofi, thonje, fodya, ndipo pambuyo pake tiyi. Mlomwe adapatsidwa pomanga ndi polima, koma mtengo wake udali thangata.

Mawuwa ngofunika kuwaimirira pang'ono. Kuthangata ndi kuthandiza. Kale anthu ankathangatana pomanga nyumba, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ankathangatana pa dima, mwinimunda atafulula mowa. Ankathangata mfumu kumunda kwake podziwa kuti nkhokwe ya mfumu ndiyo yodyetsa alendo ndi amasiye. Mawu okoma chotere ndi amene adabedwa nkuvekedwa pa ntchito yolipirira malo. Mlendi ankagwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, koma mweziwo sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba. Unkawerengedwa pa tikiti, ndipo kapitawo ankachonga tsiku pokhapokha ndime yatha. Motero miyezi iwiri inkatha kutalika kufika inayi kapena isanu, ndiponso inkagwa m'dzinja, nthawi yomwe munda wa mlendi mwiniwake ukufuna khasu. Wokana ankadziwa chomuyembekeza: kuchotsedwa.

M'chaka cha 1903 nkhaniyi idafika kubwalo lalikulu la milandu, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa. Woweruza Nunan adagamula kuti eni dziko otetezedwa ndi zikalata zija sayenera kulipira lendi, ndipo adadzudzula mapangano amene kampaniyo idachita ndi mafumu. Chigamulocho chidamveka bwino m'bwalo, koma kuminda zinthu zidapitirira monga kale.

Za ku Magomero adzukulu ambiri adaziphunzira kusukulu, choncho sizifuna kutambasula. Munda wa A. L. Bruce udali wa maekala pafupifupi 169,000, ndipo woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, adatchuka ndi kutalikitsa thangata ndi kutentha nyumba zopemphereramo za mpingo wa John Chilembwe. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 iye adaphedwa. Bungwe lofufuza lomwe boma lidakhazikitsa lidavomereza kuti alendi a pamundawo ankazunzika, ndipo mu 1917 padatuluka lamulo lofuna kuti lendi izilipiridwa ndi ndalama m'malo mwa ntchito. Eni minda adaliyankha ndi chida chawo chomwe chija, kuopseza kuti wosagwira ntchito achoke, ndipo lamulolo lidafa lili khanda.

Lamulo lomwe lidakhudza kwambiri moyo wa pabanja ndi la 1928, ngakhale kuti silitchulidwa kawirikawiri. Lidati aliyense wokhala pa munda wa mzungu alipire lendi, kaya ndi ndalama, kaya ndi ntchito, kaya pogulitsa mbewu zake kwa mwinimunda, ndipo m'madera ambiri lendiyo idali masheleni 20 pachaka. Kusiyana kwa mbadwa ndi wobwera kudafafanizidwa. Onse adasanduka alendi. Pobwezera, mlendi wolipira bwino adalonjezedwa kukhala mosatekeseka kwa zaka zisanu. Koma zaka zisanuzo zikatha, mwinimunda adali ndi ufulu wochotsa mpaka limodzi mwa magawo khumi a alendi ake popanda kupereka chifukwa. Zaka zake zidali zodziwika kale: 1933, 1938, 1943, 1948. Munthu ankatha kulipira lendi yake yonse, osalakwira aliyense, nkulandirabe kalata yomuuza kuti asamuke.

Taganizani za mayi amene akudziwa kuti chaka chakutichakuti mabanja ena m'mudzi mwake adzachotsedwa, koma sakudziwa kuti ndi ati. Kodi abzale mango, mtengo wofuna zaka zingapo usanabale? Kodi amange nyumba yolimba, kapena angozika kachisakasa? Mantha otere ankagwira ntchito yaikulu kuposa kusamutsa kwenikweniko, chifukwa munthu woopa kulowa m'gulu la ochotsedwa satsutsana ndi kapitawo.

Mbali ina ya lamuloli idalasa mwambo pamtima penipeni. Mwana wamwamuna wa mlendi akakwanitsa zaka 16 adalibe ufulu wokhalabe pamalopo, ndipo mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa mlendi sankaloledwa kumanga popanda chilolezo cha mwinimunda. Tsono Amang'anja, Ayao ndi Alomwe onse ndi anthu a chikamwini. Mudzi wao umaima pa mbumba, ndiye kuti alongo ndi ana ao, pansi pa mwinimbumba amene ndi mlongo wao wamwamuna kapena malume. Mtsikana akakwatiwa sachoka. Mkamwini ndiye amabwera, namanga pafupi ndi apongozi, nalima munda umene mkazi wake wagawiridwa. Kukaniza mkamwini kumanga kudali ngati kuuza mbumba kuti isaphuke nthambi. Ukwati umene kale unkamangidwa ndi ankhoswe a mbali ziwiri tsopano udafuna nkhoswe yachitatu, mwinimunda, yemwe chidwi chake chidali pa mikono ya mkamwiniyo basi. Ngati mnyamatayo adali wamphamvu ndi wovomera thangata, chilolezo chinkapezeka. Apo ayi, mtsikana ankasankha pakati pa mwamuna ndi mudzi wa amayi ake.

Mwambo uli ndi nthabwala zambiri zonyoza mkamwini, zomukumbutsa kuti pamudzipo ndi wobwera. Koma ngakhale apongozi ovuta chotani sankathamangitsa mkamwini popanda kuitana ankhoswe ndi kufotokoza cholakwa chake. Lamulo la 1928 lidalibe ulemu ngakhale wochepa choterewu.

Mu 1933 ndi 1938 osamutsidwa sadachuluke. Malonda adali atagwa padziko lonse, minda yambiri idalibe ntchito yopatsa anthu, ndipo ena mwa eni ake adaona kuti phindu lili pogula fodya wolimidwa ndi alendiwo. Zinthu zidasintha m'zaka za nkhondo yachiwiri. Anthu adali atachuluka, ndipo malo a mafumu oyandikana ndi minda adali atadzaza. Lamulo linkati bwana DC apezere malo ena banja lililonse lochotsedwa, koma malowo kudalibe.

Mu 1943 mabanja mazanamazana m'boma la Blantyre adalandira makalata osamutsa, ndipo adakana kuchoka. Sadanyamule mikondo ngati anthu a Chilembwe. Adangokhala, nalima minda yao monga mwa masiku onse, pakuti kopita kudalibe. Patapita zaka ziwiri, mu 1945, zomwezo zidachitika ku Thyolo, kumene pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nthaka ya boma lonselo adali m'manja mwa eni minda. Kukana kwa phee kumeneku sikukumbukiridwa ndi tsiku la tchuthi, koma nkumene kudaonetsa boma kuti lamulo lake lafika pakhoma. Kutumiza apolisi kukasasula madenga nkotheka, koma anthuwo akakhala pamsewu ndi mitolo yao, boma lomwelo liyenera kuyankha kuti agona kuti.

Nchifukwa chiyani anthu adakakamira malo amene ankawalipirira mowawa chotero? Njala ndi yankho loyamba, koma si lokhalo. Pofika 1943, Mlomwe amene adafika ali mnyamata m'masiku a Johnston adali nkhalamba ya zidzukulu, ndipo ambiri a msinkhu wake adali atagona kale m'manda a pamunda pomwepo. Nkhokwe imasamuka, mbuzi zimakusidwa, ngakhale nsichi ndi phaso zimazulidwa nkusenzedwa. Manda sasenzeka. Kusiya manda kudali kusiya makolo opanda wowasesera, opanda wowathirira nsembe pakagwa matenda kapena chilala, ndiponso podziwa kuti mawa pamenepo pangadzalidwe tiyi.

Mu 1946 boma la Britain lidatumiza Sir Sidney Abrahams kudzafufuza za malo. Iye adalangiza kuti boma ligule mbali za minda zimene sizinkalimidwa kapena zimene padadzaza alendi, kuti anthu akhalepo mwaufulu. Ntchitoyi idayamba pang'onopang'ono, ndipo njala yaikulu ya 1949 idapeza anthu ambiri akadali pa malo olipira. Bwanamkubwa Geoffrey Colby adaikankha ntchito yogulayo. Dera la Chingale ku Zomba lidagulidwa kuti kukakhale osamutsidwa, ndipo gawo lalikulu la Magomero nalo lidapita m'manja mwa boma kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950. Lamulo la 1952 lidathetsa kusamutsa kwa zaka zisanuzisanu kuja.

Koma dzanja lina likupereka, lina linkalanda. Lendi idaloledwa kukwera kuchoka pa masheleni 20 kufika pa masheleni 52 ndi theka, ndipo kampani ya British Central Africa, yomwe idali ndi malo aakulu ku Thyolo, idafuna ndalamazo. Alendi ambiri adakana kulipira ndipo adaopsezedwa ndi makalata osamutsa. Izi zidakumana ndi mkwiyo wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chidayamba chaka cha 1953. Mu Ogasiti chaka chimenecho chipolowe chidabuka ku Thyolo nkufalikira m'maboma oyandikana nawo, misewu idatsekedwa ndi mitengo, ndipo anthu 11 adaphedwa. Zitatero boma lidafulumiza kugula malo, ndipo chiwerengero cha mabanja okhala pa minda chidatsika kwambiri. Thangata adathetsedwa mwalamulo mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lilandire ufulu.

Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje idatsala, ndipo midzi yoizungulira idapitirira kupanikizana pa timinda tating'ono ta m'mapiri. Pakati pa 2004 ndi 2011, pansi pa ntchito ya Kudzigulira Malo, mabanja pafupifupi 15,000 osowa polima adathandizidwa kugula minda, ndipo ena mwa iwo adachoka ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi. Ulendo uno adapita mwa kufuna kwao, popanda kalata ya mwinimunda, ndipo kumeneko adakayamba ndi kulonjeredwa kwa mafumu a eni dera, monga alendo.