ALICK NKHATA NDI OIMBA A PA WAILESI YA LUSAKA

Munthu akacoka pa Longacres mu mzinda wa Lusaka, nalunjika ku Kalingalinga, amayenda mu mseu wochedwa Alick Nkhata Road, ndipo m'mbali mwa mseu womwewo muli nyumba zazikuru za wailesi ya dziko la Zambia. Ambiri amene amadzera pamenepo m'mabasi tsiku ndi tsiku amachula dzinali monga dzina la mseu cabe. Koma kale mwini wace wa dzinalo anali munthu amene mau ace anamveka madzulo ali onse m'makomboni a ku migodi ndi m'midzi yakutali, iye pamodzi ndi gulu lace la oimba.

Kuti mbiri ya gululi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi nyimbo zimene anthu a m'matauni anali kubvina masiku amenewo. M'zaka za m'ma 1930 ku America kunabuka maimbidwe ochedwa swing. Magulu ace anali akuru ndithu, anthu 15 kapena kuposerapo, ena oomba malipenga a mitundu itatu, ena a piyano, gitala, ng'oma ndi cingwenyengwenye cacikuru ca mau a pansi. Atsogoleri ace ochuka anali Duke Ellington, Count Basie, Benny Goodman ndi Glenn Miller. Cinsinsi ca nyimbozo cinali cakuti malipenga ena amaitana, ena nabvomera, monga momwe acitira akazi pamtondo kapena anthu pabwalo la gule. Ici sicodabwitsa ai, pakuti amene anayamba maimbidwewa anali adzukulu a anthu amene anatengedwa ukapolo mu Africa muno.

Nyimbozi zinafika kuno pa mbale za galamafoni, pa kanema wa m'makomboni, ndiponso ndi anthu obwerera kwao kucokera ku Johannesburg ndi ku Bulawayo. Kum'mwerako kunali kale magulu a malipenga a anthu akuda. Ku Bulawayo August Musarurwa anapeka nyimbo ya Skokiaan, imene inaoloka nyanja mpaka Louis Armstrong anaiimba m'caka ca 1954. Koma m'dziko la Northern Rhodesia malipenga anali a mtengo wapatali, osati ogula munthu wa nchito ya pansi pa mgodi. Cimene mnyamata anakhoza kucipeza cinali gitala, kapena banjo yosema yekha. Cotero funso linali lakuti: kodi anthu a kuno adzangobvina nyimbo za eni ace mpaka kale, kapena adzapeza njira yoimbira zao m'mabvinidwe atsopanowa?

Yankho linacokera ku wailesi. Boma linayamba kuulutsa mau ku Lusaka m'caka ca 1941, makamaka kuti abale a asilikari amve za nkhondo. Itatha nkhondo, Bwana Harry Franklin, mkuru wa ofesi yofalitsa nkhani, anakulitsa nchitoyo kufikira inakhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zao. M'caka ca 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa kawailesi kozungulira ngati sefuliya, kochedwa Saucepan Special, kamene mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire lace masheleni 25. Pamenepo wailesi inalowa m'nyumba za anthu wamba, ndipo nyumba imodzi ikakhala nayo, anansi onse anasonkhana pakhomo dzuwa litalowa. Makalata opempha nyimbo anacuruka, ndipo pologalamu ya Zimene Mwatifunsa inali yokondedwa koposa.

Alick Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Atate wace anali Mtonga wa ku Nyasaland, amai wace Mbemba, cotero anakula ndi zinenero zingapo m'kamwa. Anapita ku Nkhondo Yaciwiri, nafika mpaka ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi Bwana Hugh Tracey, amene anali kuyendayenda m'maiko a kuno ndi makina ojambulira nyimbo za makolo. Pa maulendo amenewo Nkhata anakhala pansi ndi nkhalamba zoimba kalimba ndi ng'oma, naphunzira kuti nyimbo ya kumudzi iri ndi malamulo ace ndi nzeru zace, si phokoso wamba monga ena ophunzira anali kunenera. Ndi cuma cimeneci m'mutu analowa nchito pa wailesi ya Lusaka ca m'ma 1950, monga woulutsa mau.

Kumeneko anasonkhanitsa anzace, nayamba kagulu ka anthu anai kochedwa Alick Nkhata's Quartet, kamene pambuyo pace kanakula nkukhala Lusaka Radio Band. Gululi silinafike pa unyinji wa magulu a ku America, koma linatenga kwa iwo zinthu ziwiri: kayendedwe ka nyimbo kopepuka kamene kamanyamula phazi la wobvina, ndi kugwirizanitsa mau a anthu angapo mosalala, monga anali kucitira a Mills Brothers. Nchito imene malipenga anaigwira kutsidya kwa nyanja, kuno anaigwira mau a anthu ndi gitala. Ndipo pamwamba pa zonsezi anaikapo Cibemba, Cinyanja ndi zinenero zina za dziko lino.

Nyimbo zao zinali za mitundu iwiri. Zina zinali za makolo zobvekedwa cobvala catsopano, monga Kalindawalo ni Mfumu, yochula mfumu yaikuru ya Ansenga a ku Petauke. Munthu wa kum'mawa wokhala ku Nkana kapena ku Mufulira akaimva, mtima unabwerera kwao, ngakhale thupi linali m'komboni. Zina zinali zopeka zatsopano, zonena za moyo wa m'tauni: Taxi Driver, Imbote, imene dzina lace ndi la mowa wa uci, ndi Shalapo, ndiko kutsazika m'Cibemba. M'nyimbo zotere munali kuseka ndi kulangiza pamodzi, za ndalama zothera ku mowa, za cikondi ca m'tauni cosakhalitsa, za munthu woiwala makolo amene anamlera. Kumudzi wolakwa anali kudzudzulidwa ndi nyimbo ya pamtondo. M'tauni, m'mene anthu a mitundu yambiri anakhala osadziwana, nchito imeneyo inagwera oimba a pa wailesi.

Koma njira yao sinali yosalala. Wailesi inali ya boma la atsamunda, ndipo pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953, anthu akuda osacifuna, ambiri anayamba kukayikira mau onse ocokera m'kabokosiko. Kunamveka mphekesera zoopsya zakuti anchito a pa wailesi agwirizana ndi anthu oyamwa magazi, ndipo ena a iwo anakhala mwamantha pakati pa abale ao omwe. Woimba wa pa wailesi anali ngati munthu woimirira pakati pa mitsinje iwiri yodzala: malipiro ace anacokera ku boma, koma nyimbo zace ndi omvera ace anali a anthu. Pamene nkhondo ya ufulu inakula, Nkhata anaimba nyimbo zokweza cipani ca UNIP ndi dziko latsopano. Citaganya cinatha m'caka ca 1963, ndipo pa 24 October 1964 dziko la Zambia linabadwa.

M'dziko laufulu Nkhata anapatsidwa maudindo akuru pa nchito ya wailesi ndi ya miyambo, ndipo gulu lija linapitiriza kuimba ndi dzina latsopano la Big Gold Six. M'caka ca 1974 iye anapuma pa nchito, napita kukalima ku Mkushi. Kumeneko ndiko imfa inampeza. M'mwezi wa October 1978 asilikari a boma la Rhodesia analowa m'Zambia kudzathira nkhondo misasa ya omenyera ufulu a Joshua Nkomo, ndipo pa ciwembu ca ku Mkushi, Nkhata anaphedwa, ali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka ku Burma anafera pafupi ndi munda wace.

Cimene iye ndi anzace anasiya ncacikuru kuposa mseu. Iwo anaonetsa kuti cinenero ca kumudzi cikhoza kuimbidwa ndi zoimbira zatsopano osataya ulemu wace, ndi kuti Mbemba akhoza kukonda nyimbo ya Cinsenga, Mnsenga nakonda ya Cibemba. M'zaka za m'ma 1970, pamene President Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 ziri zonse za pa wailesi zikhale za m'Zambia, oimba a Zamrock ndi a kalindula anapeza njira yolambulidwa kale. M'caka ca 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo za Nkhata pa mbale imodzi yochedwa Shalapo, kuti zisatayike pamodzi ndi magalamafoni akale. Akuru anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Ndipo nyimbo zimene zinamveka m'kawailesi ka sefuliya, wofuna kuzimva akhoza kuzimvabe lero.