Mwezi Wosadikira Mayeso: Mbiri ya Ophunzira Achisilamu m'Mayunivesite a ku America

Kalendala ya sukulu iliyonse imafanana ndi amene adaiyala. Mayunivesite akale a ku America, monga Harvard ya mu 1636 ndi Yale ya mu 1701, adabadwira m'manja mwa anthu a mpingo, ndipo china mwa zolinga zawo chidali kusula abusa. N'chifukwa chake Lamulungu kulibe maphunziro, ndipo tchuthi cha pakati pa chaka chimagwera pa Khirisimasi. Mkhristu sapempha chilolezo kuti akapembedze, pakuti kalendala idamupemphera kale. Msilamu akafika pa sukulu yotere amapeza kuti Lachisanu masana, nthawi ya swala ya Juma, mphunzitsi ali m'kalasi, ndipo tsiku la Idi ndi tsiku wamba.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, achinyamata ochokera ku maiko a Aluya, Iran, Turkey, Pakistan ndi India adayamba kuchuluka m'sukulu za ku America. Ambiri ankaswali payekhapayekha m'zipinda zogona, kapena kubwereka kalasi yopanda anthu. Poona kuti mutu umodzi susenza denga, mu Januwale 1963 ophunzira ochokera ku sukulu zingapo adasonkhana pa University of Illinois ku Urbana-Champaign n'kukhazikitsa bungwe la Muslim Students Association, MSA mwachidule. Zofuna zawo zoyamba zidali zazing'ono: chipinda choswalira, madzi otawazira, mabuku a chipembedzo m'Chingerezi, ndi wina woti alalike Lachisanu. Popeza mashehe adali osowa, wolalikirayo kawirikawiri ankakhala mnzawo wophunzira udokotala kapena uinjiniya.

Mu 1965 dziko la America lidasintha lamulo lolowera m'dzikomo, ndipo khomo lidatseguka kwa anthu a ku Asia ndi Africa. Ophunzira ambiri amene ankayembekezeka kubwerera kwawo adakhazikika, nakwatira, nabereka. Bungwe la ophunzira lidachepa kusenza zosowa za mabanja, motero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mudatuluka bungwe la Islamic Society of North America, lomwe likulu lake lili ku Plainfield, m'chigawo cha Indiana. Ana a mabanja aja atakula adalowa m'mayunivesite omwewo, koma iwo sadabwere ngati alendo. Mlendo amapempha mphasa. Mwana wa pakhomo amafunsa chifukwa chake dzina lake palibe pa ndandanda.

Kufunsa kumeneko kudabala zipatso. Mu 1999 Georgetown University, sukulu ya Akatolika ya ku Washington, idalemba ntchito Imam Yahya Hendi, ndipo adakhala woyamba kugwira ntchito ya tsiku ndi tsiku yoyang'anira moyo wauzimu wa ophunzira achisilamu pa yunivesite ya ku America. Sukulu zina zidatsatira. Nkhani ya chakudya cha halaali m'nyumba zodyera idayamba kumveka. Chiwembu cha pa 11 Seputembala 2001 chitachitika, pamene Msilamu aliyense ankaonedwa ndi diso lokayika, magulu a MSA adafalitsa mwambo woitana anzawo a zipembedzo zina kuti afunge nawo tsiku limodzi la Ramadan, adye futari pamodzi, ndi kusonkha ndalama zothandizira anthu osowa chakudya.

Malo adapezeka, koma adali ndi malire ake. Pa Duke University, sukulu ya ku North Carolina yomwe mizu yake ili mu mpingo wa Methodist, Asilamu adakhala zaka akuswali Juma m'chipinda cha pansi pa tchalitchi cha sukuluyo, popanda wodandaula. Mu Januwale 2015 akuluakulu adalengeza kuti azana iziitanidwa Lachisanu kuchokera pa nsanja ya belu ya tchalitchicho. Mlaliki Franklin Graham adatsutsa poyera, nauza othandiza sukuluyo kuti aleke kupereka ndalama. Pasadathe masiku, akuluakulu aja adabweza mawu awo, ndipo azana idaitanidwa pabwalo la panja. Swala ya m'chipinda cha pansi idaloledwa. Liwu la pamwamba lidakanidwa.

Komabe chovuta kuposa malo chidali nthawi. Chaka cha Chisilamu chimawerengedwa ndi mwezi, ndipo chili ndi masiku 354 kapena 355. Motero Ramadan imafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, n'kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Amene adayambitsa MSA mu 1963 adafunga m'nyengo yozizira, pamene dzuwa limalowa msanga. Cha m'ma 2015 Ramadan idagwa mu Juni ndi Julayi, masiku otalika kwambiri, koma sukulu zambiri zidali pa tchuthi. Kuyambira 2019 mpaka 2021 idafika pakati pa Epulo ndi kumayambiriro kwa Juni, n'kugwera nthawi ya mayeso otsiriza. Wophunzira ankadya daku m'bandakucha nyumba yodyera ili chitsekere, n'kukalemba mayeso masana kukhosi kuli gwa. Mwambo umene sukulu idakonza chaka chino, zaka zisanu zikubwerazi sugwiranso ntchito, ndipo ophunzira amene adaukambirana amakhala atamaliza kale maphunziro. Mbadwo uliwonse umayambiranso kufotokoza.

Tsiku la Idi nalo lili ndi mfundo yake. Mwambo wakale umati mwezi uoneke ndi maso, choncho tsikulo limadziwika usiku woti mawa ndi Idi. Ofesi ya mayeso imafuna tsiku lodziwika miyezi ingapo m'mbuyo. Mu 2006 bungwe la Fiqh Council of North America lidavomereza kuwerengera mwezi mwa masamu a zakuthambo, zomwe zimalola kulengeza Idi nthawi ikadalipo. Asilamu ena adakana, nasunga mwambo woona ndi maso, kotero pa sukulu imodzi pamatha kukhala Idi ziwiri. Mu 2015 meya Bill de Blasio adalengeza kuti sukulu za boma za mu mzinda wa New York zizitseka pa Idi zonse ziwiri. Mayunivesite ambiri sadafike pamenepo: amangolola wophunzira kujomba, malinga adziwitse mphunzitsi wake msanga.

Kusiyana kwa njira ziwirizi si kochepa. Sukulu ikatseka, aliyense amapuma ndipo palibe wotsalira. Ikangolola kujomba, mtolo umagwera wophunzira: iye ndiye alembe kalata, afotokoze chikhulupiriro chake kwa mphunzitsi amene adzachonge mayeso ake, ndi kuthamangira zimene anzake adaphunzira iye kulibe. Ambiri amaswali Idi m'mawa, n'kulowa m'kalasi atavala zovala za chikondwerero, kenaka n'kuimbira foni makolo madzulo. Zaka zoposa 60 chiyambire msonkhano wa ku Urbana, chipinda choswalira chidapezeka, koma mwezi ndi kalendala ya sukulu zikadakambiranabe.